Amalume a ku Tenisi

4 Febuluwale

Okondedwa Amayi,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi Achemwali ndi alamu. Ine kuno ndili bwino, kupatula matuza a m'manja amene mukuwadziwa kale. Nanga miyendo ikutupabe mukakhalitsa pa makina osokera? Mapiritsi a kuthamanga kwa magazi aja mukumwa, kapena mukungowayang'ana ngati maluwa?

Amayi, ndapambana! Masewero anga oyamba pakati pa akuluakulu amene tenisi ndi ntchito yawo, osati za ana a sukulu zija ayi. Amene ndinakumana naye ndi ntchembere yoti inayamba kusewera ine ndikukwawa. Mpira wake umabwera ngati mwala, koma sagwirizana ndi anthu amanzere ngati ine, ndipo pomaliza inaponya laketi pansi n'kutukwana m'chilankhulo chakwawo. Ine ndinathamangira kuchimbudzi kukalira kuti Akochi asandione. Tsiku lotsatira ndinagonja, koma zimenezo tisakambe.

Musaganize kuti kuno kuli ngati za pa wailesi yakanema. Owonerera sadzaza ngakhale benchi limodzi. Tikugona m'chipinda cha pamwamba pa sitolo ya matayala, ine ndi mnzanga wamtali amene tonse timamutcha Nyamalikiti. Mabedi awiri, sinki yodontha, ndi chingwe chimene tamanga kuchokera pa zenera kukafika pa chitseko choyanikapo masokosi. Zovala zathu zonse zikununkha mphira. Mpikisano ukatha timakwera basi kupita tauni ina, kumenekonso n'chimodzimodzi.

M'basi momwemo ndi mmene anandibera foni, n'chifukwa chake ndinakhala chete. Koma Mulungu sataya wake. Pali bambo wina waulemu, wa jekete yoyera, amene amabwera kudzaonerera masewero athu, amakhala pa benchi la pamwamba penipeni. Atamva za foniyo anangopita ku sitolo n'kundigulira ina, ndi nsapato zomwe, poti zanga zinali zitayasama kutsogolo. Akuti amathandiza achinyamata aluso amene alibe owagwira dzanja. Nditati "zikomo bwana" anakana. "Bwana ndani? Uzinditcha Amalume." Ndiye ndapeza amalume, inu osadziwa n'komwe kuti muli ndi mlongo.

Achemwali pathupi paja pali bwanji? Mundilembere kudzera ku ofesi ya Akochi, makalata amatipeza kumene tili, ngakhale amayenda ngati nkhono.

Ine mwana wanu,
Kamanzere


19 Febuluwale

Mwana wanga Kamanzere,

Ife kuno tadzuka, kaya iwe kumeneko. Kalata yako ndaiwerenga mpaka yayamba kung'ambika mopindamo. Ndawerengeranso makasitomala, ofuna ndi osafuna omwe. Mayi wina anabwera kudzangofupikitsa siketi, anachoka akudziwa zonse za ntchembere yoponya laketi ija.

Uzilemba chomwechi. Za pa foni ine ayi. Khutu langa lakumanja linatha kalekale ndi phokoso la makina, lakumanzere limamva zimene likufuna. Ukaimba ndimangomva "Amayi", kenako mkokomo ngati mvula pa malata. Kalata ndimaiika m'thumba la epuloni, ndikakusowa ndimaitulutsa.

Mapiritsi ndikumwa, usandilamule ngati unandibala ndiwe. Mkulu wako walemera, akuyenda ngati bakha, ndipo wayamba wasiya kuphunzitsa. Anamwino akuti ndi nkhani ya mwezi wa Epulo. Mlamu wako akungotuluka thukuta ngati woyembekezera ndi iye.

Za bambo wakuthandizayo ndagwada pansi kuthokoza. Chimwalirireni bambo ako sindinamvepo munthu akukuganizira chotere. Uzimupatsa ulemu. Koma ndiwe mtsikana, galimoto yake usakwere wekha, wandimva? Ulemu ndi ulemu, galimoto ndi galimoto. Undiuzenso ngati ali pabanja.

Ukudya koma? Unachoka kuno mafupa a pakhosi ali poyera. Mnzako Nyamalikitiyo umupatse moni, umuuze kuti akadzabwera ndidzamusokera diresi, nsalu ingokwanira.

Ndine mayi ako.


8 Malichi

Achemwali,

Muli bwanji ndi katundu wanuyo? Pepani kuti ndikukusenzetsani wina pamwamba pake. Kalatayi ndatumiza kunyumba kwanu osati ku shopu, ndipo Amayi asaione, mukudziwa za magazi awo.

Munamva za bambo amene anandigulira foni. Dzulo masana titamaliza zokonzekera anandiitanira ku kantini ya pabwalo. Anthu anali mbwee, ana akuthamangitsana pakati pa matebulo, panalibe choopsa. Anandigulira madzi a zipatso n'kundifunsa za phewa langa. Kenako anati, ndi mawu ake ofatsa omwe aja:

"Mpikisano ukubwerawu, masewero ako oyamba, seti yoyamba uitaye. Zotsalazo upambane ngati ukufuna."

Ndinaseka, ndimayesa nthabwala. Iye sanaseke. Anandifotokozera ngati akuphunzitsa mwana kumanga zingwe za nsapato, kuti kuli anthu kutali amene amabetcha pa masewero athu, ngakhale ang'onoang'ono opanda owonerera awa. Akadziwiratu kuti chigawo choyamba nditaya, iwo amakolola. "Palibe amafa nazo," anatero. "Ndani sanatayepo seti?"

Ndinati ayi. Ndinati ndimubwezera foni ndi nsapato zake, ndipo ndinawerama n'kuyamba kumasula zingwe pomwepo. Anandigwira dzanja mofatsa. "Vala, mwana wa mlongo wanga, pansipa pali mabotolo osweka." Kenako anati, "Amayi ako miyendo ikutupabe? Shopu yawo ija ya chitseko chobiriwira, yoyandikana ndi pogulitsira mankhwala, amatseka okha madzulo eti? Si bwino mayi wachikulire kumatseka yekha."

Achemwali, za chitseko chobiriwira ine sindinamuuzepo. Sindinauzepo munthu aliyense kuno. Kaya anatumako munthu, kaya zonse zimene ndimalankhula pa foni yakeyi amazimva, sindikudziwa. Musandiimbire pa nambala imeneyi, ndipo ndikaimba ine tizingokamba za nyengo.

Lamulo lathu limati munthu akakuuza zoterezi ukanene msanga kwa oyang'anira mpikisano. Koma ndikanena iye amva, ndipo ine ndili kuno, Amayi ali uko okha. Akochi ndikuopa kuwauza. Ali ndi atsikana ambiri, ndipo amene wabweretsa mavuto amamusiya pa siteshoni ndi chikwama chake.

Chimene ndikupempha ndi ichi. Muwatenge Amayi akhale kwanu, munene kuti mukufuna wokuthandizani. Mlendo aliyense wonena kuti akundidziwa asamutsegulire. Mukatero mundiyankhe msanga, ngakhale mzere umodzi, kuti ndipite kukanena mtima uli m'malo. Seti sinditaya, chimenecho ndalumbira.

Mng'ono wanu,
Kamanzere


14 Malichi

Mwana wanga,

Moni, moni, ndipo khala pansi usanawerenge. Uli bwanji? Usayankhe, tamvera kaye. Tsopano ndiwe mayi wamng'ono! Mkulu wako wachira Lachiwiri, mwana wamkazi. Wabwera nthawi isanakwane, ndi kakang'ono ngati nsapato yako, ndiye onse awiri akadali kuchipatala, kamwanako kali m'kabokosi kagalasi kofunda. Koma kakulira ndi mphamvu, pakamwa ndi pa banja lathu. Mlamu wako akuchokera ku ntchito n'kulunjika pa benchi la chipatala, kunyumba kwawo sanapondeko, yangotsekedwa.

Nkhani yachiwiri sungaikhulupirire. Amalume ako anabwera kuno! Loweruka m'mawa ndikusesa pakhomo ndinangoona galimoto yaima, bambo wa jekete yoyera akutsika, kumbuyo kwake amuna awiri atanyamula bokosi. Makina osokera amagetsi, mwana wanga, atsopano, pulasitiki isanachotsedwe. Ndinakana, ndinakananso, koma anati, "Amayi, mukandikaniza mwandichotsa m'banja." Ndinachita kulira pamaso pa alendo.

Ndi munthu wodzichepetsa. Anakhala pa kampando kothyoka kaja n'kumwa tiyi m'kapu yopanda chogwirira osadandaula. Anandifunsa nthawi imene ndimatsegula ndi kutseka, ndiponso ngati ndimayenda ndekha popita kunyumba. Anayang'ana loko wa pa chitseko n'kupukusa mutu, akuti ndi wofooka, atumiza munthu adzaikepo wina. Nditamuuza za mwana anasangalala ngati ndi mdzukulu wake, anafunsa chipatala chake kuti akatumize maluwa, ndinamuuza ndi wodi yomwe. Tinajambulitsa chithunzi pakhomo pa shopu, akuti akutumizira. Usaseke mpango wanga, sindinakonzekere.

Akuti iwe ndi mwana womvera. Ndinati, "Ameneyo? Womvera? Kaya kumeneko." Anaseka n'kunena kuti, "Amvera, Amayi, musadandaule."

Umuthokoze bwinobwino m'malo mwanga. Ndipo undilembere za mpikisano ukubwerawo.

Mayi ako, amene tsopano ndi agogo.


23 Malichi

Achemwali,

Muli bwanji, nanga mwana? Ndamva kuti mwachira. Ndikanakonda ndikanamva kwa inu kapena kwa Amayi, koma ndinayamba kumva kwa bambo wa jekete yoyera uja. Kalata ya Amayi inandipeza masewero atatha, ndipo m'menemo ndi mmene ndazindikira kuti kalata yanga yoyamba simunaione, ili kunyumba kwanu kotseka. Iyi ndatumiza ku ntchito kwa alamu kuti akupatseni pamanja. Yoyambayo muitumire munthu, ikufotokoza chiyambi. Mwachidule, bambo uja wa foni ndi wa anthu obetcha, ndipo anandilamula kuti nditaye dala seti yoyamba.

M'mawa wa tsiku la masewero ndikumanga tsitsi foni inalira. Chithunzi: Amayi atayima pa chitseko chobiriwira akumwetulira, iye atawakoleka dzanja paphewa. Pansi pake analemba kuti, "Mafuno abwino, mayi wamng'ono. Ndi wamkazi. Ali pafupi ndi zenera, wodi ya ana osakwana masiku." Ndinasanza mu sinki. Nyamalikiti anandifunsa chavuta n'chiyani, ndinati ndadya zoipa.

Ndinalowa m'bwalo nditatsimikiza kuti sindimumvera. Mulungu ndi mboni. Koma dzanja silinali langa. Ndikaponya mpira m'mwamba kuti ndiyambe, unkapita kumene ukufuna. Ndikamenya, mu ukonde. Ndikabwereza, mu ukonde. Mtsikana amene ndimasewera naye ndinamugonjetsapo tili ana, koma tsiku limenelo akanatha kusewera atakhala pa mpando. Nthawi iliyonse ndikadzutsa mutu, jekete yoyera ili pamwamba paja, miyendo itapingasa. Ndinkaona kabokosi kagalasi pafupi ndi zenera, mpira ndinkauona utadutsa kale. Woimbira atalengeza kuti seti yatha, Akochi anavula chipewa n'kuchiyang'ana mkati ngati muli yankho.

Kenako mkwiyo unandigwira. Seti yachiwiri ndinapambana, yachitatunso. Ndinatuluka anthu akuomba m'manja, ndipo ndili pa geti m'pamene ndinazindikira kuti zachitika ndendende monga ananenera iye.

Anandipeza pa mpopi ndikutsuka kumaso. "Wachita bwino," anatero. "Koma ulendo wina usamaonetsere choncho, ngakhale wakhungu akanaona."

Ndinati, "Sindinataye dala."

Anamwetulira. "Ndi zimenezo, uzinena chomwecho. Tsopano ndife banja limodzi. Ukafuna kukanena kwa akuluakulu aja, uyambe ndi kuwafotokozera za seti ya lero."

Nditafika kuchipinda ndinapeza envulopu yonenepa m'chikwama cha malaketi. Sindinaitsegule. Ndaikulunga mu sokosi, ili pansi pa matiresi, ndipo ndikamagona ndimaimva ngati mwala pamsana. Akuti mwezi wa mawa ndichitenso.

Ndinabwereka foni ya mayi wa pa kantini n'kuimbira Amayi. Ndinakuwa kuti abweze makina, asamutsegulirenso. Ankangoti, "Ati chiyani? Ati chiyani?" kenako anadula.

Achemwali, chimene chikundidya kwambiri ndi ichi: ine mwini sindikudziwa ngati seti ija ndinagonja kapena ndinataya. Ndikayesa kukumbukira, mutu umangolira. Ndithandizeni, ndilibe wina.

Kamanzere


27 Malichi

Kamanzere,

Ndikhulupirira uli moyo, poti mawu okuwira mayi ako uli nawo. Ife tilipo. Mwana akuyamwa, wayamba kudzaza.

Foni yako ija yandikhalitsa pansi masiku onsewa. Ndinali ndi kasitomala, mapini ali pakamwa, iwe ukukuwa ngati nyumba ikupsa. Zimene ndinatolapo ndi "bwezani makina" ndi "musamutsegulire". Ndibweze chifukwa chiyani? Munthu wakuveka nsapato uli wosavala, lero wapambana kawiri katatu wayamba kumuona ngati fumbi? Sindinakulere choncho ine. Mbuzi ikakhuta isamaponde mbale.

Kapena pali zina zimene ukuchita nazo manyazi. Ngati anakufunsira iwe osafuna, umukane mwaulemu, ukwati sakakamiza. Ngati anakugwira posayenera, undiuze poyera ndipo makinawo ndikamuponyera pamutu ndekha. Koma zongokuwa popanda mutu ine sindimva. Ndine wogontha khutu, osati nzeru.

Iye kuno sanalakwire munthu. Maluwa anafikadi kuchipatala. Munthu wa loko uja anabwera Lachinayi, waika wolimba wonyezimira. Pa paketi panalembedwa kuti makiyi ndi atatu koma anandipatsa awiri, kaya ina inagwera m'galimoto. Tsopano ndikutseka shopu mtima uli pansi.

Undilembere, undiuze zoona zokhazokha. Mkulu wako sindinamuuze za foni yakoyo, ali ndi zake zomudetsa nkhawa.

Ndine mayi ako ndithu, ngakhale wandikwiyitsa.


3 Epulo

Mng'ono wanga,

Uli bwanji? Funso lopusa, ndikudziwa mmene ulili. Ife tonse tili moyo, yamba wagwira mawu amenewo. Amayi ali ndi ine. Mwana ali bwino.

Mlamu wako anandipatsa kalata yako pa khonde la chipatala. Ndinawerenga nditaimirira, ndinamaliza nditakhala pansi pa simenti. Iye anathamangira kunyumba n'kupeza yoyamba ija kuseri kwa chitseko, itakutidwa ndi fumbi. Maluwa a munthu ameneyo anali akadali pa kabati pambali pa bedi langa. Ndinawanyamula ndi vazi yomwe n'kukaponya m'bini ya panja, anamwino ankayesa ndapenga.

Unati Amayi asadziwe. Pepa, ndawauza. Sungateteze munthu ku galu amene iye akumuyesa mwanawankhosa. Ndinawawerengera makalata onse awiri m'khutu labwino lija. Sanalire. Anangofunsa kuti, "Ndiye ndinamuuza ndekha wodi ya mwana?" Kenako anatulutsa makiyi m'thumba n'kumawayang'ana.

M'mawa wake mlamu wako anawaperekeza ku shopu kukatenga mapiritsi ndi zovala za anthu. Chitseko chinali chokhoma bwinobwino, zenera losasweka, palibe chobedwa. Koma pa makina atsopano aja panali mpira wa tenisi, watsopano, wachikasu, utakhazikidwa pakatikati. Amayi sanausiyepo iwo.

Tinapita ku polisi. Funso loyamba: "Dzina lake ndani?" Tinayang'anizana. Munthu wamwa tiyi wathu, wajambulitsa ndi mayi athu, akudziwa bedi la mwana wanga, ndipo palibe mmodzi wa ife akudziwa dzina lake. Wapolisi wamkulu analemba zonse, anatenga mpira uja ndi makina omwe, koma anati kumene angamugwirire ndi kwanuko, kwa anthu a masewero, poti iwo ndi amene amatsata magulu oterewa.

Atitulutsa m'chipatala dzana. Sitinapite kwathu, tili kwa achibale a mlamu wako mbali ina ya tauni, ndipo sindilemba kuti ndi kuti. Shopu yatsekedwa. Galimoto iliyonse ikaima panja Amayi amanyamula mwana n'kulowa naye kubafa.

Tsopano tamvera, ndikulankhula ngati mkulu wako osati ngati mnzako. Chimene unkadikira chachitika, Amayi sali okha. Pita ukanene lero lomwe walandira kalatayi. Tenga envulopuyo osatsegula, tenga foniyo, ukanene zonse, ndi za seti zomwe. Akakufunsa ngati unataya dala, ukayankhe monga unandilembera ine, usakakongoletse. Mwina akulanga. Chilango chili ndi tsiku lothera, koma munthu ameneyu alibe. Ukamumvera kachiwiri adzakukama mpaka udzauma.

Sindinakukwiyire. Ndikanakhala pafupi ndikanakumenya khofi kenako n'kukukumbatira.

Mkulu wako


18 Epulo

Amayi ndi Achemwali,

Muli bwanji nonse kumene muliko? Kamwana kakukula? Mundiuze ngati munthu wachilendo waonekanso. Ine ndapita, ndanena.

Kalata ya Achemwali inandipeza Lolemba. Ndinatulutsa envulopu pansi pa matiresi, Nyamalikiti ali pa bedi lake akumata bandeji pa bondo. Anaiyang'ana, anandiyang'ana, ndipo ndinangoyamba kumuuza zonse. Sanadabwe. Anapisa dzanja m'chikwama chake n'kutulutsa foni yofanana ndendende ndi yanga, mtundu ndi chikuto chomwe.

"Ine ndinayamba chaka chatha," anatero. "Ali ndi chithunzi cha mchimwene wanga akutuluka ku ntchito."

Ndinamupempha kuti tipitire limodzi. Anakana. Anati ndine chitsiru, ndiphetsa anthu, analongedza katundu wake n'kutuluka. Ndinatsala ndekha ndi chingwe cha masokosi, ndikuganiza kuti wapita kukauza bambo uja. Ndinakankhira bedi ku chitseko.

Kutacha ndinayenda wapansi kupita kubwalo, ndikudutsa pakati pa msewu pamene pali anthu. Bambo wina wa malaya oyera anatuluka m'sitolo mwadzidzidzi, ndinakuwa mpaka anataya buledi wake. Ofesi ya oyang'anira ili kuseri kwa mabenchi, kachipinda kodzaza makatoni a mipira. Nditakhota pa kona ndinaona miyendo yaitali itatambasuka pa khomo. Nyamalikiti, maso ali psuu, chikwama chili pamiyendo. Anati, "Wachedwa. Ndatsala pang'ono kusintha maganizo."

Anatilowetsa mmodzimmodzi. Wofunsa anali mayi wa imvi, wosamwetulira, ndi kachipangizo kojambulira mawu pa tebulo. Anavala magolovesi potsegula envulopu. Anandifunsa chifukwa chake sindinabwere tsiku lomwe munthuyo anandilankhula. Ndinati ndimaopera mayi anga. Anati akumva, koma lamulo silimva. Kenako anafunsa funso lija ndimaliopa.

"Seti ija unataya dala?"

Ndinati, "Ndinalowa kuti ndipambane. Dzanja linakana. Kupitirira apo sindikudziwa."

Ananena kuti akaonera kanema wa masewerowo. Akuti munthuyu akhala akumusaka, amasintha mayina ndi matauni, ndipo atsikana ambiri amaopa kulankhula. Alankhulana ndi apolisi a kwanuko. Foni atenga. Andiimitsa kusewera mpaka mlandu utagamulidwa, Nyamalikitinso chimodzimodzi, koma wake ndi wolemera kuposa wanga.

Akochi atamva anakalipa mpaka mitsempha ya pakhosi inatuluka, osati chifukwa cha seti, koma chifukwa sindinawauze. Atatopa ananyamula chikwama changa n'kutipititsa kwa mlongo wawo, kumene tikukhala tsopano. Pa siteshoni sanatisiye.

Jekete yoyera sinaonekenso pabwalo, ndipo zimenezo zikundiopsa kuposa kuiona. Sindikudya bwino. Dzulo ndinagwira laketi, dzanja linayamba kunjenjemera ngati tsiku lija, ndinaibweza m'chikwama.

Amayi, pepani pokukuwirani. Zikatha izi ndikufuna ndibwere kwathu ndisiye tenisi. Mundiphunzitse kusoka. Tenisi yakubweretserani chilombo pakhomo, ndipo ine sindingathenso kuimirira pabwalo anthu akundiyang'ana.

Mwana wanu ndi mng'ono wanu,
Kamanzere


6 Juni

Mwana wanga Kamanzere,

Uli bwanji? Ife tadzuka. Kamwana kanenepa, masaya ngati mabanzi, ndipo kakumaseka kakaona mphuno ya bambo ake. Mkulu wako wabwerera kunyumba kwake, ine ndikugona komweko.

Akochi ako anaimbira mkulu wako kumuuza za chigamulo. Akuti sanakupeze ndi mlandu wogulitsa masewero, koma wochedwa kunena, ndiye ukhala osasewera mpaka chaka chino chithe. Mkulu wako analira ndi chimwemwe, ine ndinalira ndi mkwiyo, poti wochedwetsa ndinali ine ndi khutu langali. Za mnzako wamtali ndamva kuti chilango chake ndi chachitali. Umuuze kuti pakhomo panga ndi pake.

Tsopano ndikuuze zimene ndaona ine. Wa jekete yoyera uja anamugwira. Anamupeza ku tauni ina pa mpikisano wa atsikana ang'onoang'ono, atayamba kale kugulira wina nsapato. Lachitatu apolisi anabwera kudzanditenga kuti ndikamuloze. Mwana wanga, ndinamwa mapiritsi, ndinapemphera njira yonse m'galimoto. Anandilowetsa m'chipinda cha zenera lalikulu, kuseri kwake amuna atandandalika. Wapolisi anati iwo sakundiona. Analibe jekete, anali ndi ndevu, koma ndinamudziwa ndi kaimidwe. Ndipo ngakhale amati sakuona, anayang'ana pa galasipo n'kumwetulira, milomo yake ikunena kuti "Amayi".

Mkodzo unatsala pang'ono kutsika. Ndinagwira mkono wa wapolisi, ndinakweza chala chimene ndimalowetsera ulusi, ndipo ndinati, "Uyo. Ndipo sindine mayi wake."

Sindikunamiza kuti mantha atha. Apolisi akuti ali ndi anzake amene sanagwidwe, ndipo mlandu ukadzayamba tidzafunika kukalankhula, ine ndi iwe. Ndikamatsegula shopu ndimayamba ndasuzumira pa zenera. Loko ndasinthanso, wogula ndekha. Ndabwerera ku makina anga akale opalasa ndi phazi, miyendo ikutupa monga kale, koma ndikamasoka sindimva ngati munthu wandiimirira kumbuyo.

Za kusiya tenisi ndawerenga, ndipo yankho langa ndi ili. Bwera kwanu, bedi lako lilipo, udzadye, udzanyamule mwana, udzagone mpaka dzuwa likuwotche. Koma makina anga sudzawakhudza. Unayesapo kusoka thumba la pilo uli wamng'ono, linatuluka ngati kabudula wa munthu wa mwendo umodzi. Chilombo sichinabwere ndi tenisi, chinabwera ndi galimoto, ndipo anachitsegulira chitseko ndine. Ngati ine wa magazi othamanga ndaimirira pamaso pake n'kumuloza, iwe sungalephere kuimirira pamaso pa mpira.

Ndapita kale kukalankhula ndi woyang'anira bwalo la ku sekondale. Akuti m'mawa ana asanafike limakhala lopanda munthu. Dzanja likanjenjemera lizinjenjemera komweko mpaka litatopa. Ine ndizidzakhala pa benchi ndi zosoka zanga za pamanja, ndipo wina aliyense wofuna kukhala amalume ako adzayambe wadutsa pa ine.

Undiuze tsiku la basi. Usaiwale malaketi.

Ndine mayi ako.